Njira ya Petulo

Galimoto yakale imatamandidwa ndi zooneka. Anthu akaiona amayamba ndi utoto, kenako mabampa onyezimira, kenako kulira kwa injini. Wina amagogoda chitseko n'kunena kuti zitsulo za kale zidali zitsulo ndithu, osati timalata ta masiku anoti. Sindidamvepo munthu akuyamikira paipi yodutsa petulo. Komatu mwa zipangizo zonse za galimoto ya kabuleta, kapaipi kameneka ndi kamene kangaiimitse pakati pa phiri, ndiponso ndi kamene kangaisandutse phulusa m'mphindi zowerengeka. Mtengo wake sufika ngakhale pa wa tayala limodzi.

Galimoto yathu ndi Nissan 1400, pikapu yaing'ono ija imene akuluakulu amaitchulabe kuti Datsun. Mtundu umenewu udayamba kupangidwa ku South Africa mu 1971 uli ndi injini ya 1200. Mu 1980 adaikamo injini yokulirapo ya 1400, ndipo fakitale ya ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, idapitiriza kuipanga mpaka 2008, maonekedwe osasintha kwenikweni, kabuleta ili pomwepo. A ku Joni amaitcha bakkie, ndipo olankhula Chiafrikaans adaipatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza chinthu chokana kufa. Yathuyi ndi ya 1989. Malume anga adaigula komweko atagwira ntchito zaka zambiri, n'kubwera nayo pamsewu kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Atamwalira, abale adagwirizana kuti ikhale m'manja mwa ine muphwa wawo, koma ntchito yake ikhale ya banja lonse. Kawiri pa sabata imanyamula kabichi, tomato ndi anyezi wa amayi kuchokera ku Bvumbwe kupita kumsika wa Limbe. Ikagona, ndiwo zimafota, ndipo fizi ya ana a mchemwali wanga imagona nayo limodzi.

Kuti nkhani yanga imveke, ndiyambe ndafotokoza ulendo umene petulo amayenda m'galimoto yotere. Amayambira m'thanki, kumbuyo. M'thankimo muli kapaipi kotsikira pansi, kamene kamamuyamwa. Akatuluka amalowa m'kachidutswa ka paipi ya labala, kenako m'paipi yachitsulo yoyenda pansi pa galimoto mpaka kutsogolo. Kumeneko amalowanso m'labala, chifukwa injini imagwedezeka pamene thupi la galimoto lili chete, ndipo chitsulo chitalumikiza ziwirizi chikhoza kuthyoka. Amadutsa m'fyuluta, n'kufika pa pampu yomangidwa pambali pa injini. Pampuyo si yamagetsi. Imakankhidwa ndi injini yomwe, ndipo m'kati mwake muli kachikopa kalabala kamene kamakwera ndi kutsika, kuyamwa uku n'kulavula uko. Kuchoka pamenepo petulo amakwera kupita ku kabuleta.

Kabuleta ndi kanyumba kochita zinthu mwaulemu. Ili ndi kambale kosungira petulo pang'ono, ndipo m'kambalemo muli choyandama chimene chimatseka khomo ndi kasingano mafuta akadzaza, monga zimachitikira m'thanki ya chimbudzi chamadzi. Kuchoka m'kambaleko petulo amadutsa m'timabowo totchedwa majeti, n'kukasakanikirana ndi mpweya. Jeti yoyendetsa injini galimoto itangoima ndi yopapatiza kwambiri, moti bowo lake silifika milimita imodzi. Kamchenga kamodzi, kapena kanyenyeswa ka dzimbiri, kakhoza kutseka bowolo. Kakakhala pa kasingano kaja, khomo silitsekeka, ndipo petulo amasefukira. Pa injini ya galimoto yathu kabuleta idakhala pamwamba penipeni pa mapaipi otulutsa utsi, malo otentha kuposa onse pansi pa boneti. Ndiye taganizani petulo akudontha pamenepo.

Zizindikiro zidayamba mwakachetechete m'chaka chachitatu chikhalire nayo. M'mawa ndikatsegula geti ndinkamva kafungo ka petulo, koma pansi osaona dontho. Kenako galimoto idayamba kutsamwa ikamakwera mtunda italemedwa, ngati munthu wothamanga amene wabanika ndi madzi. Tsiku lina mu Okutobala ndidapita ku Chikwawa kukatenga matumba a mchewere kwa achibale. Pobwerera, tikukwera phiri la Thabwa dzuwa lili paliwombo, injini idayamba kudukiza, n'kuzima pakona pomwe pansi pake pali phompho. Ndidaika mwala kutayala, n'kudikira. Patapita theka la ola idalira ngati sipadachitike kanthu. Amene adayendapo msewu umenewu akudziwa kuti si malo oimapo ndi katundu, malole a shuga ochokera ku Nchalo akubwera m'mbuyo.

Makaniko amene amaidziwa galimotoyi ndi bambo wachikulire wa ku Ndirande, amene adaphunzira ntchito nthawi imene m'misewu ya Blantyre mudali ma Peugeot 404 ndi ma Land Rover. Galaja yawo ndi mtengo wa mango ndi kashedi ka malata. Nditawafotokozera, sadafike n'komwe ku kabuleta. Adagwira paipi ya labala yochokera ku fyuluta, n'kuipinda pang'ono pakati pa zala. Kunja kwake kudaoneka timing'alu ngati nthaka ya m'dambo mwezi wa Novembala mvula isadagwe. Atatero adaidula ndi mpeni m'litali n'kundionetsa m'kati. Mudali mofewa, mwakuda, momata zala ngati phula.

"Mwaona, mwana wanga?" adatero. "Kunja yauma ndi kutentha, m'kati yadyedwa ndi mowa. Galimoto zathu kuno zimamwa kachasu kuyambira kalekale."

Ndidaseka, koma madalawo sankanena nthabwala yokha. Ethanol amene amathiridwa m'petulo ndi mzimu womwewo umene umaledzeretsa m'kachasu, kungoti uyu ndi woyengedwa mpaka madzi kutheratu. Dziko la Malawi lidayamba kusakaniza ethanol ndi petulo mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kumutcheza kuchokera ku molasisi, madzi akuda otsalira popanga shuga. Mu 2004 kudabweranso fakitale ya PressCane ku Chikwawa, m'chigwa chomwecho chimene ndidachokera tsiku limene galimoto idandizimira. Mlingo wake umasinthasintha malinga ndi kupezeka kwa ethanol, nthawi zina magawo 10 pa 100 aliwonse, nthawi zina kuyandikira 20. Anzathu a ku Zimbabwe adayamba mu 1980 ndi fakitale ya ku Triangle, ndipo kuyambira 2013 kusakaniza kudakhala lamulo. Chifukwa chake n'chomveka. Dziko lopanda doko, logula mafuta ndi ndalama zakunja zimene lilibe, likapeza njira yoti nzimbe zake zilowe m'thanki, lapulumutsako kenakake.

Mu Seputembala 2021 ku Britain adayamba kugulitsa petulo wa E10, wokhala ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100, ngati petulo wa tsiku ndi tsiku. Eni galimoto zakale kumeneko adadandaula kwambiri za mapaipi ndi makabuleta awo. Msuweni wanga wokhala ku Leeds adanditumizira zina mwa nkhanizo, akudziwa kuti ndili ndi chigalimoto chakale. Nditawawerengera madala aja, adangopukusa mutu. Zimene azungu ankaziona ngati mliri watsopano, iwo adakhala akuzigwira ndi manja pafupifupi zaka makumi anayi, popanda wowafunsa.

Zimene ethanol amachita n'zitatu. Choyamba, amadya labala wa mtundu wakale. Mapaipi ambiri a nthawi imeneyo adali a labala wotchedwa nitrile, amene amapirira petulo weniweni koma ethanol amamufufumitsa, kumufewetsa, kenako kumuumitsa. Tizidutswa take timasenda m'kati n'kupita ku kabuleta. Chachiwiri, amakoka chinyezi. Thanki ya galimoto yakale imapuma mpweya wakunja, ndipo m'nyengo ya mvula kapena ya chiperoni mpweyawo umakhala ndi madzi. Galimoto ikakhala nthawi yaitali osayenda, madziwo akachuluka amagwirizana ndi ethanol n'kukhazikika pansi pa thanki, pomwe pali kapaipi koyamwira, ndipo chitsulo chimayamba dzimbiri. Chachitatu, petulo wosakaniza amafulumira kusanduka nthunzi. Paipi ikadutsa pafupi ndi malo otentha, petulo amawira m'kati mwake, ndipo pampu imene idapangidwa kuti izikankha madzi imangopupa mpweya. Izi ndi zimene zidachitika pa Thabwa. Kudikira kuja kudali kudikira kuti paipi izizire.

Pali chinanso chimene madala adandiphunzitsa, chimene sindikadachilingalira ndekha. Paipi yong'aluka sidontha nthawi zonse. Mbali ya pakati pa thanki ndi pampu imagwira ntchito moyamwa, choncho ikang'aluka imalowetsa mpweya m'malo motulutsa petulo. Zili ngati kumwa thobwa ndi bango loboola pambali: umayamwa, koma pakamwa pamafika thovu. Galimoto imatsamwa, mwini n'kumaimba mlandu mapulagi, koyilo, ngakhale afiti a kumudzi. Mbali ya pakati pa pampu ndi kabuleta ndiyo yoopsa, chifukwa kumeneko petulo amakankhidwa, ndipo mng'alu umamuwaza pa injini yotentha.

Ku ethanol tiwonjezereko zathu zina. Amene adakhala m'Malawi mu 2011 ndi 2012, komanso zaka zaposachedwapa, akudziwa kugona pamzere wa mafuta. Akudziwanso kumene munthu amalowera mzere ukakanika: kwa anyamata a zigubu m'mbali mwa msewu. Ndiwo zakupsa sizidikira kuti thankala ifike kuchokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Galimoto yathu idamwapo petulo wa m'zigubu zimene kale zidasunga mafuta ophikira, wothiridwa kudzera m'botolo lodula pakati, fumbi likuwomba. Chilichonse chimene chidali m'zigubuzo chidakakhala pansi pa thanki. Titaitsitsa thankiyo n'kuikhuthulira m'beseni, pansi padatsala matope ofiirira okwana kudzaza chikho cha tiyi, ndi timadontho ta madzi tikugubuduka pansi pa petulo ngati mikanda.

Ndalama zogulira zipangizo zidayenera kuchokera m'thumba la ndiwo, choncho nkhani idafika kwa amayi. Iwo sadaone chifukwa chosinthira zinthu zonse pamene yowonongeka idali paipi imodzi.

"Iwe, achimwene anga adayenda nayo galimoto imeneyi kuchoka ku Joni mpaka kuno ndi mapaipi omwewo," adatero. "Lero wayamba kuichotsa matumbo? Ukatha pamenepo idzakhalanso ya malume ako?"

Funso limeneli lidandikhala pamtima kuposa nkhani ya ndalama. Kwa amayi galimotoyi ndi chotsalira cha mlongo wawo. Pampando pakadali bulangete limene iye adayalapo. Ndidawayankha kuti, "Amayi, mapaipi amenewo adagwira ntchito yawo, atopa. Malume akadakhalapo akadasintha okha. Tikawasiya, tsiku lina tidzatsala ndi chigoba chakupsa m'mbali mwa msewu, mwina inu muli momwemo." Adakhala chete nthawi ndithu, kenako adati chakudza sichiimba ng'oma, n'kulowa m'nyumba kukamasula kansalu kawo.

Kugula paipi yoyenera kudakhala ntchito yaikulu kuposa kuimanga. M'mashopu a zipangizo za galimoto mumapezeka mapaipi akuda opiringizidwa pamkombero, odulidwa pa mita. Ukafunsa ngati ndi a petulo, yankho limakhala lakuti inde, bwana, ndi orijino. Pa shopu ina mnyamata adanditulutsira paipi yopanda chilembo ngakhale chimodzi, ndipo nditakana adandionetsa ina yoonekera m'kati, ya pulasitiki, yonga ija amisiri omanga nyumba amayezera levulo. Yoteroyo ndidaionapo m'maminibasi. Imagwira masabata angapo, kenako imauma gwa ngati fupa n'kuvuka yokha pamene idalumikizidwa.

Paipi yeniyeni ya petulo imadzitchula dzina. Pambali pake pamakhala palembedwa muyezo wa bungwe la akatswiri a zamagalimoto la SAE, ndipo zilembo zake zimayamba ndi J30. Yolembedwa R6 kapena R7 ndi ya mtundu wakale uja, yopangidwira mphamvu yochepa ya kabuleta. Yolembedwa R9 idapangidwira galimoto za injekishoni. M'kati mwake mudakutidwa ndi labala wina wolimba, wa mtundu umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Viton, amene ethanol samudya msanga ndipo salola fungo la petulo kudutsa m'khoma la paipi. Galimoto ya kabuleta sifuna mphamvu imene paipi imeneyi imapirira, koma imafuna chikuto cham'katicho. Kukula kwake nakonso n'kofunika. Galimoto zambiri zakale zimagwiritsa ntchito paipi ya mamilimita 6 kapena 8 m'kati, ndipo madala adaumirira kuti tiyeze chitsulo chilichonse chimene paipi ikavalepo, m'malo mongoyerekeza ndi maso. Yothina imang'ambika povala. Yokhwepa siigwira ngakhale utamanga bwanji.

Nditazungulira Limbe ndi Ginnery Corner osakhutira, ndidatumiza uthenga kwa mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Adajambula zilembo za papaipi n'kunditumizira pa WhatsApp asadalipire. Katunduyo adabwera pa basi, m'chikwama cha mayi wina wa geni, atakulungidwa pamodzi ndi sopo ndi nsapato za ana. Ndidaona kuti n'zoyenera ndithu kuti zipangizo za galimotoyi ziyende msewu womwewo umene iyo idayenda.

Pa nkhani ya fyuluta padali kukambirana kwakutali. Ine ndidakopeka ndi fyuluta yagalasi yokhala ndi zitsulo zonyezimira kumapeto, imene imamasulidwa n'kutsukidwa. Madala adaitenga, n'kuitembenuza, n'kuibweza pashelefu. Adati galasi ndi msewu wa mabampu sizigwirizana, ndipo mafyuluta amenewo amamasuka okha ndi kugwedezeka. Adandikumbutsanso za Volkswagen Beetle, zimene zidapangidwa ku Uitenhage mpaka 1979 ndipo zidali zambiri m'chigawo chathu chino. Zambiri mwa izo zidapsa chifukwa eni ake adapachika fyuluta pakati pa pampu ndi kabuleta. Kulemera kwa fyulutayo, ikugwedezeka tsiku ndi tsiku, kunkazula kachitsulo kolowera petulo pa kabuleta, ndipo pampu inkapitiriza kuthira mafuta pa injini yotentha. Phunziro lake ndi lakuti fyuluta isalendewere. Imangidwe ku thupi la galimoto, kutali ndi moto.

Kusefa nako kuli ndi muyezo wake, umene amauwerenga m'mamaikironi. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamaikironi 70. Galimoto za injekishoni zimafuna fyuluta yogwira tinthu tochepa mpaka mamaikironi 10, chifukwa timabowo tawo ndi tating'ono kwambiri, ndipo zili ndi pampu yamagetsi yamphamvu yokankha petulo kudutsa m'sefa yothinayo. Kabuleta imakhutira ndi fyuluta ya mamaikironi 30 kapena 40. Munthu akhoza kuganiza kuti kusefa kwambiri ndiye kwabwino, koma pampu yathu ndi yofooka poyamwa. Ukaiikira sefa yothina kwambiri, imavutika kukoka, ndipo petulo wokokedwa movutikira amafulumira kuwira. Tidasankha ziwiri. Kumbuyo, potulukira m'thanki, tidaika yosefa mokhwepa yogwira dzimbiri ndi mchenga, pamalo otetezeka ku miyala. Kutsogolo, pampu isadafike, tidaika yapepala m'malo mwa yakale, pa chomangira chake chimene opanga galimoto adaika. Fyuluta iliyonse ili ndi kamuvi kolozera kumene petulo akupita, ndipo madala adandiuza kuti ndikaone ndekha ndisadamange.

Mnyamata wina wa pagalajapo, wophunzira ntchito, adafunsa chifukwa chake sitikungoika pampu yamagetsi yochotsedwa m'galimoto za ku Japan zimene zadzaza misewu yathu. Madala adamuyankha moleza mtima. Pampu ya galimoto ya injekishoni imakankha ndi mphamvu ya pafupifupi mabaa atatu. Kasingano ka m'kabuleta kadapangidwira mphamvu yosapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a imeneyo. Ukalumikiza pampu yoteroyo, khomo lija silitsekeka, ndipo kabuleta imasanduka kasupe. Ilipo pampu yamagetsi yopangidwira kabuleta, koma nayo imafuna switchi yoizimitsa injini ikazima, chifukwa pangozi imapitiriza kupopa petulo pamene dalaivala wakomoka. Pampu yokankhidwa ndi injini imaima injini ikaima. Tidasiya yomweyo, titangoona kuti kachikopa kake sikadabooke. Njira yoonera ndi kununkhiza kandodo koyezera oyilo: kachikopako kakabooka, petulo amatsikira m'oyilo.

Ntchito yeniyeni idatenga Loweruka lathunthu. Tidayamba ndi kuchotsa waya wa batire, ndipo madala adathamangitsa mnzawo wina amene adabwera kudzacheza ndudu ili pakamwa. Thanki tidaitsuka n'kuiyanika, ndipo ataona kuti dzimbiri silidaboole, adati ibwerere. Adandichenjeza kuti thanki ya petulo, ngakhale yooneka youma, saiyandikiza kwa wowotcherera, chifukwa nthunzi yotsalira ndiyo imaphulika. Paipi yachitsulo ya pansi tidaipopa ndi mpweya, n'kupeza kuti chigawo china chadyeka pamene matope ankakhalira pa chomangira. Chigawocho tidasintha ndi paipi ya kopa wosakaniza ndi nikelo, imene sichita dzimbiri ndipo imapindika ndi manja. Kopa yekha, wonga wa m'mafiriji, madala adamukana. Adati akamagwedezeka amauma n'kuthyoka mosachenjeza. Kumapeto kwa paipi iliyonse yachitsulo adatukula kamlomo kuti labala akavala asavuke.

Makilampu nawo tidasintha onse. Akale adali a mtundu uja wokhala ndi timipata m'lamba wake, amene ukamanga kwambiri amaluma labala n'kumudula. Pamalo ena padali waya wopotedwa ndi pulayala, ntchito ya munthu wina wa pamsewu zaka zapitazo. Tidaika a lamba wosalala amene amafinya mozungulira mofanana. Paipi yokwera ku kabuleta tidaisuntha kuti italikirane ndi mapaipi a utsi, n'kuiveka chikuto choteteza ku kutentha. Paliponse podutsa m'bowo la chitsulo tidaika kamphete kalabala kuti isakhulike. Pomaliza madala adatenga chitsekero cha thanki n'kuchiuzira. Kabowo kake kopumira kadali katatsekeka pang'ono ndi fumbi. Thanki ikalephera kupuma, pampu imalimbana nayo mpaka petulo kusiya kubwera, ndipo munthu akatsegula chitsekero amamva kuti fyuu.

Titailiza, sitidanyamuke. Tidaisiya ikulira, tikuyendetsa pepala loyera pansi pa cholumikizira chilichonse. Tidaizimitsa, n'kudikira, n'kuyang'ananso, chifukwa injini ikangozima kutentha kumakwera pansi pa boneti ndipo malo ofooka amaonekera nthawi imeneyo. Patatha sabata ndidabwerera kuti akamangitsenso makilampu, popeza labala watsopano amakhazikika. Fyuluta yakumbuyo tidaisintha patatha mwezi umodzi wokha, itadzaza ndi zotsalira za m'thanki. Yachiwiri idakhala nthawi yaitali.

Amayi adakwera ulendo woyamba wa kumsika ali chete, akumvetsera. Titadutsa Chigumula adati galimoto ikulira ngati kale. Kenako adafunsa kumene kudapita mapaipi akale. Ndidawauza kuti ali m'thumba la pulasitiki kuseri kwa mpando. Adati ndisawataye msanga. Ali komweko mpaka lero.

Ndimawerenga za anthu a m'maiko ena amene amasunga galimoto zakale ngati chuma cha m'nyumba yosungiramo zakale. Amakangana ngati n'kololeka kuika paipi yamakono m'galimoto imene idatuluka m'fakitale ndi paipi yokutidwa ndi ulusi. Sindiwanyoza, chifukwa chikondi chawo n'chenicheni. Koma kuno galimoto yakale ndi wantchito. Ma 1400, ma Peugeot 504 ndi ma Hilux akale amene mumawaona ku Chipata, ku Tete, ku Mutare kapena ku Mzimba akunyamula chimanga, makala, odwala ndi maliro. Kukhulupirika kwa mwini wake kumaoneka poti galimotoyo yafika, ndipo onse amene adakwera atsika ali bwino. Zimene ndidalandira kwa malume ndi galimoto yoyenda. Kuti ikhalebe yotero, zina mwa zimene iwo adagwira ndi manja awo zidayenera kuchoka.

Nthawi ya galimoto zimenezi ikutha, ndipo ndikudziwa. Amakaniko odziwa kumvetsera kabuleta akukalamba, ndipo achinyamata akuphunzira kulumikiza kompyuta n'kuwerenga manambala. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma malinga ngati pikapu yathu ikunyamula ndiwo, pali mwambo umene ndaukhazikitsa. Loweruka loyamba la mwezi ndimatsegula boneti injini isadatenthe, limodzi ndi mwana wamkulu wa mchemwali wanga, amene ali Fomu 2. Timanunkhiza kaye. Kenako iye amapinda paipi iliyonse pakati pa zala, kufufuza ming'alu, n'kugwedeza fyuluta kuona ngati ikadali yomangika. Mvula ikamayamba timasintha mafyuluta onse awiri, ngakhale akuoneka abwino. Tikakakamizika kugula wa m'chigubu, timathira kudzera m'nsalu yoyera. Kuseri kwa mpando kuli chozimitsira moto chaching'ono, ndipo mnyamatayo akudziwa kuti utsi ukatuluka pansi pa boneti, satsegula yonse, chifukwa mpweya ndiwo chakudya cha moto.

Mwezi wathawu adandifunsa kuti, "Malume, galimotoyi mukadzatopa nayo idzakhala ya ndani?" Ndidamuuza kuti abale ndiwo adzanene, monga adanenera pa ine. Iye adagwedeza mutu, n'kupitiriza kupukuta fumbi pa zilembo za papaipi kuti aziwerenge.